Ufa wa M'makapisozi

Lolemba, 2 Juni 2025

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachisanu kuchokera kukhomo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Amuna anga, a Hezron Gondwe, andigulira kope ili pagolosale ya kunja kwa geti chifukwa amandidziwa: ndikasowa cholemba ndimayamba kulongolola. Ndizilemba zonse, pasadzapezeke wondiuza kuti anandipatsa chimene sanandipatse.

Kutentha kwa thupi 38.9. Shuga 21.3. Phazi lamanzere latupa mpaka kupitirira kakolo. Bala lili kunsi, pakati pa chala chachikulu ndi chinzake. Ndinaponda chitsa cha phesi tikukolola, sabata yachitatu ya Epulo. Fungo lake, ngakhale ine mwini wake ndikutembenuza nkhope.

Wondiona ndani? Fiskani Harawa! Mwana amene ndinamuphunzitsa Bayoloje Fomu 3 ndi Fomu 4, wokhala kumbuyo, wamawu osamveka. Lero wavala choyera, ali ndi ndevu, anthu akumutcha adokotala. Wagwada n'kunyamula phazi langa lonunkhali ndi manja awiri.

"Madamu, pepani chomene."

Kenako watulutsa peni n'kuzunguliza mzere pamwendo, pamene kutupa konyezimira kwalekezera, zala zinayi pamwamba pa kakolo. Akuti kutupako kukadutsa mzerewo, nkhani isintha. Sindinafunse kuti isintha bwanji. Ndakhala ndi shuga zaka khumi ndi chimodzi, ndikudziwa kumene miyendo ya anthu a shuga imapita.

Wandifunsa kuti, "Musanabwere kuno munamwako mankhwala ena alionse? Kapena kuthira kanthu pabalapa?"

Ndati ayi, madzi amchere basi.

Ndanama.

Lachiwiri, 3 Juni

Mankhwala: seftiriakisoni magalamu awiri kudzera m'dripi, kamodzi patsiku, 10 koloko m'mawa. Metronidazo katatu. Insulini m'mawa ndi madzulo, mapilisi anga a shuga ayamba awaimitsa kaye. Kutsuka bala 9 koloko. Kutentha 38.6. Shuga 16.

Kope silikaulula kwa munthu, ndiye ndilembe chimene ndinabisa dzulo.

Chaka chatha a Gondwe anadwala chifuwa, anawapatsa amokisilini. Atamwa masiku atatu anati achira, otsalawo ndinawasunga m'chitini cha singano. Bala langali litayamba kutuluka madzi, ndinawauza kuti atsegule kapisozi mmodzi, athire ufawo pabalapo. Kwathu ku Ntcheu amayi ankatero, kuno ku Henga aliyense amatero, ndi nkhuku zomwe timazimwetsa omwewo. A m'chitini atatha tinagula ena kumsika. Masabata asanu ndi imodzi! Madzulo alionse a Gondwe ankavala magalasi, n'kupotokola kapisozi, n'kumagogoda ndi chala kuti ufa ugwere bwinobwino. Phazi likawawa kwambiri ndinkamezako mmodzi kapena awiri.

Ine amene! Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinkakalipira ana a eni ake kuti mankhwala opha mabakiteriya si osewera nawo, ukayamba umalize, usagawane ndi mnzako. Funso limeneli ndinkalikonda pamayeso. Ndiye ndikanamuyang'ana bwanji Fiskani, n'kumuuza kuti Madamu Gondwe amawaza ufa wa kapisozi pabala ngati akuthira mchere m'ndiwo? Ndinachita manyazi, palibenso china.

A Gondwe ndawachenjeza kuti akangoyasamula za nkhaniyi andidziwa. Angoti, "Chabwino, amama." Mkulu wa mpingo, ndamusungitsa bodza.

Lachitatu, 4 Juni

Kutentha 37.9. Shuga 12.4. Kutupa kwabwerera chala chimodzi pansi pa mzere.

Bedi loyandikana nane pali a NyaMhango a ku Mlowe, ochita geni ya usipa m'mbali mwa msewu waukulu. Ankafutsa usipa, mphika wa madzi obwata unawagudubukira pantchafu. Pakamwa pawo sipapuma. M'mawa kusanache bwino ayamba kale: "Mwawuka wuli, asambizgi?" Ndawauza kuti uphunzitsi ndinapuma chaka chatha. Akuti mphunzitsi sapuma, ngakhale atagona amaoneka ngati akufuna kumenya munthu.

Chichewa chawo ndi chosakaniza, Chitumbuka changa n'cha kumsika, koma tikumvana. Potsuka mabala timasinthana: iwo akamakuwa ine ndimawerenga matabwa a kudenga mokweza, ine ndikamakuwa iwo amaimba sumu. Amaimba moipa kwabasi.

Mlongo wawo wabweretsa kondowole ndi usipa wootcha. Andipatsako usipa wokha. Ndadya mitu yomwe.

Lachinayi, 5 Juni

Kutentha 37.2! Shuga 9.8. Kutupa zala ziwiri pansi pa mzere. Fungo lachepa.

Fiskani wamwetulira koyamba. "Madamu, tikuyenda bwino." Ndamuuza kuti aime mowongoka polankhula ndi akuluakulu, wodi yonse yaseka, iyenso waseka.

Ndawanong'oneza a Gondwe kuti, mwaona? Tikanaulula tikanangodzichotsa ulemu pachabe. Amasenda lalanje limene sindiloledwa kudya lonse.

Ndaimbira Thandi, mwana wathu amene amagwira ntchito ku Lilongwe, kuti asavutike n'kubwera. Ndamuuza kuti sabata yamawa ndikhala ndili kunyumba ndikupeta nyemba.

Lachisanu, 6 Juni

Ndadzuka ndikunjenjemera. Ndimayesa ndi mphepo ya Juni yolowa pazenerali. Kutentha 38.4. Ayeza malungo, mulibe.

Kutupa kwafika pa mzere.

Loweruka, 7 Juni

39.3. Shuga 19, chonsecho sindinadye chilichonse choletsedwa.

Kwadutsa. Chala chimodzi ndi theka pamwamba pa mzere. Ndayeza ndi zala zanga katatu, kenako ndayeza ndi zala za a Gondwe chifukwa zawo ndi zikuluzikulu, mwina zingachepetse.

Fiskani wauyang'anitsitsa mwendowo. Wajambula mzere wachiwiri. Wadula kanyama ka mkati mwa bala ndi mafinya ake n'kuika m'kabotolo, akuti zipita ku labu ya ku Mzuzu kuti akameretse tizilomboto, aone mtundu wake ndi mankhwala amene angatiphe. Galimoto ipita Lolemba. Kumera kwake ndi masiku atatu kapena anayi, ndipo palibe amene angakufulumizitse. Zimenezo ndikuzidziwa, ndinkameretsa nkhungu pabuledi ndi ana a Fomu 2.

Wanena ngati akudzilankhulira yekha: "Zikundidabwitsa. Anayamba kugwira bwinobwino, kenako asiya."

Pakamwa panga panatseguka, ndithu panatseguka. Sisitala Caroline, namwino wa m'mawa, anali pomwepo ndi thireyi yake, a NyaMhango makutu ali tcheru. Ndinapempha madzi akumwa.

Ndikuopa. Ndalemba kuti ndione mmene mawuwa akuonekera papepala.

Lamulungu, 8 Juni

39.1.

Amayi a Umanyano a kumpingo kwathu abwera asanu ndi mmodzi, zoyera zili mbee. Abweretsa nthochi, mbatata, ndi botolo la sobo. Sobo, kwa munthu wa shuga! Abale inu. Ndathokoza, yewo chomene, zonse ndapereka kwa a NyaMhango.

Aimba, apemphera. Wopemphera wati, "Chiuta, mukumudziwa mtumiki wanu uyu, mayi wa choonadi, amene analera ana athu m'choonadi." Ndatsegula diso limodzi. A Gondwe anali atayang'ana pansi, khutu likugwedera.

Potuluka, mmodzi waiwala kuti makutu anga ali bwino. Ndamumva pakhonde akuuza mnzake kuti malemu alamu ake anayambanso chonchi, chala, kenako bondo, kenako ntchafu, kenako maliro. Mnzakeyo wati, "Chete, iwe."

Chala chachikulu ndi chinzake zada. Ndazitsina ndi chikhadabo. Sizikumva.

Lolemba, 9 Juni

Ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, 11 koloko. Sindidya kanthu. Ndilemba mawa.

Lachiwiri, 10 Juni

Achotsa zala ziwiri ndi nyama yakufa. Anandibaya jekeseni ya pamsana, ndinali maso, ndinkamva zitsulo zikugundana m'mbale. Sindinamve kuwawa. Ndinamva phokoso limodzi laling'ono, ngati munthu akuthyola chinangwa, ndipo limenelo silikuchoka m'makutu.

38.8. Awonjezera jentamaisini, koma akuti sangandipatse masiku ambiri chifukwa impso zanga zatopa kale ndi shuga. Ayamba kuyeza mkodzo wanga m'chikho chokhala ndi manambala.

Ndikuuza mtima wanga kuti zala ziwiri si kanthu. Munthu amayenda ndi zala zitatu. Munthu amapita kutchalitchi, amapita kumunda. Mulungu, tengani zalazo, mundisiyire mwendo.

Kabotolo kanapita dzulo.

Lachitatu, 11 Juni

39.0. Kutupa kwakhudza mzere wachiwiri.

Lero ndayambana ndi a NyaMhango.

Masana, anamwino atapita kukadya, anatsika pabedi lawo motsimphina n'kudzakhala pa langa. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali makapisozi anayi, ofiira ndi achikasu.

"Asambizgi, mankhwala a m'botolo awa akuchedwa chomene. Ine nkhuthira uyu pachoko pachoko akamaliza kutsuka. Onani bala langa, likuuma. Tengani awiri."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinaiwala malungo, ndinaiwala phazi, ndinakhala tsonga ngati ndili kutsogolo kwa kalasi. Ndinawauza kuti ndi umbuli umenewo, kuti akuweta tizilombo tosamva mankhwala, kuti anthu ngati iwo ndi amene akuonongera dziko lonse mankhwala, kuti ndiwanenera kwa Sisitala. Mawu anga anamveka mpaka bedi lomaliza.

Iwo anangomanganso mfundo yawo modekha. Atamaliza anati, "Yayi, asambizgi, musakalipe. Ine nimayesa mukuwadziwa kale. Adada aja anandiuza."

"Adada ati?"

"Afumu anu, a Gondwe. Juzi, dzana lija, kumpopi kuja, akutsuka mbale zanu. Amalira, nadi. Akuti, manja angawa ndi amene ankathira."

Sananene monyoza ayi. Ananena ngati akundiuza mtengo wa usipa. Anabwerera pabedi lawo, n'kutembenukira kukhoma.

A Gondwe kulira? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili nawo, misozi yawo ndinaiona kamodzi, pamaliro a amayi awo. Ndiye akalirire kumpopi, pamaso pa mayi wa geni amene sakumudziwa n'komwe, chifukwa mkazi wawo anawatseka pakamwa.

Atabwera madzulo ndi fulasiki sindinawafunse. Ndinangoona kuti kolala ya shati yawo yada, ndipo palibe amene akuwachapira.

Ndapepesa kwa a NyaMhango. Ati, "Palije kanthu." Koma sumu sanaimbe.

Lachinayi, 12 Juni

39.2.

Ndamuuza Fiskani.

Ndinakonza zoti ndipemphe kuti tikhale awiri, koma wodi ilibe awiri. Ndiye ndinangonena pomwepo, Sisitala Caroline ali apo, ophunzira unamwino atatu ali apo ndi timabuku tawo. Ndinati, adokotala, tsiku loyamba lija ndinakunamizani. Ndinanena zonse, chitini cha singano, kumsika, masabata asanu ndi imodzi, ndi amene ndinkameza aja.

Ndinkadikira kuti akalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Iye anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa chovala chake, nthawi yaitali.

"Yewo pondiuza, Madamu."

"Basi? Yewo basi?"

"Simuli nokha. Mwa anthu khumi obwera ndi mabala, mwina theka amakhala atathira. Ambiri ndimachita kuwafunsa kawiri, katatu, mpaka avomere." Anavalanso magalasi. "Inu ndinakufunsani kamodzi."

Sanafunikire kumaliza. Anandifunsa kamodzi chifukwa ndine Madamu Gondwe.

Ndinafunsa kuti akanadziwa akanatani. Anati akanatenga mafinya Lolemba lomwelo, galimoto ya Lachiwiri ikanawatenga, ndipo pofika Lachisanu tikanadziwa mdani wathu. Mwinanso sakanayamba ndi mankhwala amene anayamba nawo aja.

Ndawerenga pakalendala ya pakhoma. Sabata yathunthu.

Pochoka anaima pabedi la a NyaMhango, n'kutambasula dzanja. Iwo anandiyang'ana. Ndinati sindine, mayi, ndikulumbira. Fiskani anati, "Ufa ndimauona potsuka, amama." Anamasula mfundo ija okha.

Lachisanu, 13 Juni

38.9. Zotsatira zabwera pafoni. Enterobacter cloacae. Sakumva seftiriakisoni. Sakumvanso jentamaisini. Akumva meropenemu yekha mwa amene anayesa. Mankhwalawo kuno kulibe, awaitanitsa, afika madzulo ano.

Ndinamuuza Fiskani kuti andifotokozere bwinobwino, osati zija amauza agogo zoti tizilombo takula mphamvu. Ndinamupatsa kope ili ndi peni. Chojambula chili kuseri kwa tsambali ndi chake. Kalembedwe kake sikanasinthe, nkhuku ikupalasa.

Anajambula kabokosi ka ngodya zinayi: makaboni atatu, naitirojeni mmodzi. Akuti amokisilini ndi seftiriakisoni ndi pachibale, onse ali ndi kamphete kameneka, ndipo mphamvu yawo yonse ili pa mfundo imodzi, pamene kaboni wagwirana ndi naitirojeni. Ndinati, amaidi. Anati, "Eya, Madamu." Kamphete kameneka ndi kamene kamakola zida zimene bakiteriya amamangira khoma lake. Khoma likalephereka, bakiteriya amaphulika.

Kenako anajambula chinthu ngati nyemba yokhala ndi kathumba. Enzayimu, dzina lake AmpC. M'kathumbamo muli kadzanja kamodzi, serini, kamene kamagwira kamphete kaja n'kukadula pa mfundo ya amaidi pomwepo. Madzi amabwera n'kumasula zodukazo, kathumba kamatsala kopanda kanthu, kakudikira wina.

"Munkatiuza nokha, Madamu. Enzayimu siitha pogwira ntchito."

Ndinkawauzadi. Ndinkawalembetsa kakhumi akaiwala.

Chimene sindinkachidziwa ndi ichi. Bakiteriya ameneyu sapanga enzayimuyo nthawi zonse, kungakhale kuononga chakudya. Pali puloteni ina imene imakhala pa jini, posungira malangizo opangira enzayimuyo, ngati mlonda wa pageti, yatseka. Mankhwala akayamba kugumula khoma, zidutswa za khomalo zimachuluka mkati, zimakakhudza mlondayo, iye n'kutsegula. Ndiye kuti mankhwala omwewo ndi amene amadzutsa chowadula. Mankhwala akachoka, geti limatsekedwanso. Koma mwa mabakiteriya mamiliyoni pamapezeka ochepa amene geti lawo linaonongeka, lili pululu usana ndi usiku.

Ndinamaliza ndekha, chifukwa mutu wanga sunawole. Ufa wanga uja sukanamupha Enterobacter, unangopha anzake n'kumusiyira munda yekha. Seftiriakisoni anapha a geti lotseka, ndiwo masiku atatu aja ndinkanyada. Otsalawo anaswana.

"Mwakhoza, Madamu," anatero, koma sanaseke.

Chinthu chokongola, ndisaname. Ndikanachidziwa ndili pantchito ndikanachiphunzitsa sabata yathunthu. Ndayang'ana chojambulacho, kenako ndayang'ana bandeji. Zikuchitika mmenemo panopa, ndikulemba pano, kudula, kumasula, kudula. Ndasanza.

Meropenemu woyamba 6 koloko madzulo. Galamu imodzi, maola asanu ndi atatu alionse.

Loweruka, 14 Juni

38.7. Kutupa kuli pomwe kunali. Ekisire ya phazi.

Thandi wafika. Wandikalipira chifukwa chomubisira, kenako wagona pachifuwa panga ngati kamwana. Wawachapira bambo ake.

Lamulungu, 15 Juni

37.8. Shuga 11. Kutupa kwatsika chala chimodzi pansi pa mzere wachiwiri.

Sindikuuza munthu kuti ndasangalala. Ndinasangalala kale pa 5 Juni.

A NyaMhango atuluka mawa. Bala lawo lauma ndithu, ndipo akukhulupirirabe kuti ndi ufa uja. Ndayamba kuwafotokozera za geti ndi mlonda, ndaona maso awo akupita kuzenera. Ndasiya. Ndangowapempha kuti akamva munthu wa shuga akufuna kuthira, adzamuuze za mphunzitsi wa bedi lachisanu. Ati, "Nimuuze kuti vichi?" Ndati mudzamuuze zimene muone.

Zala zitatu zotsalazo zazizira. Ndapempha Thandi azifunditse, wati zafundidwa kale.

Lolemba, 16 Juni

37.4. Kutentha kwatsika, koma nkhani si imeneyo.

Abwera awiri, Fiskani ndi dokotala wamkulu wa maopaleshoni, bambo wa imvi wolankhula mofulumira. Amasula bandeji. Ndinaona nkhope ya Thandi ndisanaone phazi.

Wamkuluyo wakweza ekisire kuzenera n'kundionetsa mafupa a pakati pa phazi, odyekadyeka m'mbali. Wafufuza kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, sanakupeze. Kuseri kwa bondo wakupeza. Akuti mankhwala atsopanowa akugwira, apulumutsa magazi anga, koma mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo kumene magazi sakufika iwonso safika. Nyama yakufa siidzuka. Akadula pakati pa phazi, bala silipola, tidzabwereranso ku fiyeta mwezi usanathe, ndipo nthawi imeneyo kudzakhala pamwamba pa bondo.

Pansi pa bondo. Mawa.

Ndinapempha masiku atatu ena. Ndinapempha awiri. Ine amene sindinapemphepo munthu kanthu chibadwire, ndinagwira dzanja la bambo wosamudziwa n'kumati chonde, chonde. Anati bondo likadali langa lero, sangalonjeze za Lachisanu.

Atatuluka wamkuluyo ndinamuitana Fiskani. Sindinati adokotala.

"Fiskani, undiuze zoona. Sabata ija. Ndikananena tsiku loyamba, mwendowu ukanatsala?"

Anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Sindikudziwa, Madamu. Mitsempha yanu inali itaonongeka kale ndi shuga. Mwina ukanapitabe. Mwina ayi."

Ndinkafuna anene kuti ukanapitabe. Akanatha kunena, ndani akanamutsutsa? Mwana ameneyu sananame ngakhale pondimvera chisoni.

Pepala ndasaina ndekha. A Gondwe anatambasula dzanja kuti asaine ndiwo, ndinawakaniza.

Lachiwiri, 17 Juni, m'mawa

Sisitala Caroline wandisambitsa. Ndamupempha kuti mwendo wamanzere ndisambitse ndekha, kuyambira pabondo mpaka pamene bandeji yayambira. Pali chipsera cha njinga cha ndili mtsikana, ndinali nditachiiwala.

Ndikuopa kwambiri. Akubwera ndi kabedi kamatayala.

Lachinayi, 19 Juni

Ndili moyo. 37.0. Shuga 8.6. Meropenemu akupitirira. Ululu ulipo, akundibaya.

Sindinayang'ane.

Lachisanu, 20 Juni

36.8. Bala akuti ndi loyera. Bondo likupindika. Mawa abwera a mafizo kudzandiphunzitsa ndodo.

Ndayang'ana. Bulangete limakwera pabondo, limapitirira pang'ono, kenako limangogwa n'kugona pamatiresi. Ndinayang'ana mpaka Thandi anatuluka panja.

Tinatsala awiri ndi a Gondwe. Chichitikireni opaleshoni sanalankhule mawu opitirira asanu. Anakhala pampando, manja ali pakati pa maondo ngati awabisa. Kenako anati, "Amama, ndikanakana. Tsiku loyamba lomwe lija ndikanakana."

Ndinati, "Munayamba mwandikanirapo chiyani inu, chikwatirane?"

Ndimafuna aseke. Sanaseke. Ndinawauza kuti wowatuma ndinali ine, wonama ndinali ine, ndipo akapitiriza kudzitengera mlandu wa eni ake ndiwakalipira pamaso pa wodi yonse. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sizinalowe.

Nthawi yomweyo chinayamba kundiyabwa. Kunsi kwa chala chachikulu cha kumanzere, kuyabwa kwenikweni, kolasa, ngati ndalumidwa ndi nyerere. Fiskani anandichenjeza kuti zimachitika, mitsempha imakhala isanamve uthenga. Kudziwa sikunathandize. Ndinapinda bondo, ndinaluma mlomo, ndinatambasula dzanja n'kugwira bulangete lopanda kanthu. Ndinachita mantha kuposa a ku fiyeta, chifukwa ichi ndiye ndikhala nacho.

"N'chiyani, amama? Ndiitane Sisitala?"

"Chala chikundiyabwa."

"Chiti?"

Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana kumiyendo kwa bedi. Anatulutsa magalasi m'thumba n'kuvala. Anakokera mpando kumunsi, anayeza ndi maso kuchokera pa phazi lamanja, n'kuika chala chawo pabulangete, pamatiresi popanda kanthu. Anayamba kukanda pang'onopang'ono.

"Apa?"

Mayi watsopano wa pabedi la a NyaMhango anatiyang'ana, n'kutembenukira kumbali.

Ndinati, "Kumanzere pang'ono."

Anasuntha chala.